Mbale ya Adzatopa

Amayi anzanga, musanamve kwa ena imvani kwa ine mwiniwake, chifukwa nkhani imeneyi ikamafika ku Luchenza imakhala itamera kale nyanga ndi mchira. Ine ndine Teleza, make Doris, wa m'malayini a pa esiteti ya tiyi, nyumba ya kumapeto kuja kuli mtengo wa mapeyala. Eya, ndine ndemwe. Amene munamva kuti amagwaditsa mwamuna wake n'kumudyetsa m'mbale ya galu. Musasunthe, khalani pomwepo, sindikuthirani kanthu. Mankhwala ine ndilibe. Chimene ndili nacho ndi galu, ndipo galuyo ndi amene anandivula ulemu.

Galu ameneyu anabwera m'thumba. Bambo a Doris, a Jonas, amagwira ntchito ku fakitale, kuja koumitsa masamba. Tsiku lina akuweruka anapeza thirakitala itagunda galu wamkazi pamsewu, kamwana kake kakulira mu ngalande. Anakatola n'kukaponya m'thumba la jekete ya mvula, kufika nako pakhomo akumwetulira ngati abweretsa nyama.

"Make Doris, ndakubweretserani mlonda."

Ndinayang'ana. Mlondayo anali ngati mbatata yonyowa, maso asanatsegule n'komwe.

"Mlonda ameneyu alonda chiyani? Ngakhale mphemvu ingamulande nyumba."

"Akula. Dzina lake ndi Adzatopa."

Mukudziwa kwathu kuno galu sapatsidwa dzina kuti amve iyeyo, amapatsidwa kuti amve aneba. A Jonas ankanena achemwali a Rhoda a khomo loyandikana nafe, amene pakamwa pawo sipapita ku holide. Madzulo aliwonse bambo ankaima pakhomo, nkhope ataloza kwa a Rhoda, n'kumakuwa, "Adzatopa! Adzatopaaa!" Galu ali pamapazi pawo pomwepo.

Nthawi imeneyo Doris anali atangoyamba kumene phala. Kagalu sikankadziwa kunyambita, ndiye ndinkakhala pamkeka, mwana mwendo uwu, galu mwendo uwo. Dzanja lamanja la Doris, lamanzere la galu, musaganize kuti ndine wauve. "Aaa, Doris. Aaa, Adzatopa." Anakula ngati mapasa. Doris akalira, galu naye kulira. Doris atayamba kukwawa, galu anasangalala kuti tsopano mnzake wadziwa kayendedwe koyenera. Tsiku limene mwana anaimirira ndi miyendo iwiri, galu anakagona kuseri kwa nyumba atakhumudwa.

Ndiye galu anakuladi. Mutu ngati dzungu, mawu ngati njinga yamoto yakufa paipi. Koma kudya, dzanja langa lamanzere basi. Mukamuponyera chakudya pansi ankachiyang'ana, n'kukuyang'anani inu, ngati apongozi amene mwawaikira chakudya osawasambitsa m'manja. Ine sindinkaona vuto. Ndinali pakhomo, ndipo kunena zoona ndinkanyadira. Ndinkaitana anthu kuti adzaone. "Taonani galu waulemu, sadya pansi ngati a anthu enawa." Kunyada kumeneko, inu!

Mvula inagwa, tiyi anaphuka, esiteti inayamba kulemba anthu a sizoni. Ine ndinalembedwa. Amene ndinu a kuno mukudziwa kuti dengu la sizoni ukalipeza umaligwira ndi manja awiri, chifukwa pageti anthu amaima mzere mpaka kumsewu. Kamunda kathu ka ku Kapichi kankadikira feteleza wochokera m'dengu limeneli. Doris ndinkamusiya kwa a Rhoda. Inde, omwewo. M'malayini timanyozana kudzera pa agalu koma ana timalerana. Galu ndinamuikira chakudya m'phale, n'kumuuza kuti wakula, adzionere yekha.

Tsopano inu, tamverani. Tiyi mukumudziwa mmene amakhalira, pamwamba pali see ngati tebulo, pansi pake simuona kanthu. Dzuwa lili pamutu, tili kalikiliki kuthyola, masamba awiri ndi kansonga, mtsikana wina anakuwa.

"Mayo ine! Tiyi akuyenda!"

Kuyang'ana kumtunda, zoonadi, masamba akugwedezeka, chinthu chikubwera pansi pa tiyi molunjika ife ngati chatumidwa. Wina akuti nsato. Wina akuti nguluwe. Mayi wina wachikulire anasiya Chichewa n'kuyamba kuitana makolo ake m'Chilomwe. Madengu kutayidwa, masamba mbwee, azimayi kulumpha tiyi ngati ana a sukulu. A Kapitawo athu, a Ben, bambo a mimba yawo, amene amatiuza m'mawa uliwonse kuti chibadwire sanathawepo kanthu, ndiwo anali oyamba kufika pamwamba pa ngolo ya thirakitala. Gambuti imodzi inatsala itaima yokha m'matope.

Ine sindinathawe. Osati kulimba mtima ayi, chipulasitiki chimene timamanga m'chiuno pothyola chinakodwa pachitsa. Chinthu chija chinadutsa anthu onse, kufika pa ine, n'kutulutsa mutu pakati pa masamba. Adzatopa! Lilime panja, mchira ukumenya tiyi wa kampani. Anakhala pansi bwinobwino n'kutsegula kukamwa. Aaa.

A Kapitawo anatsika pang'onopang'ono, mwendo umodzi uli ndi sokosi yokha.

"Ine ndinakwera apo kuti ndione bwino," anatero. Palibe anawafunsa. "Galu wa ndani ameneyu?"

Ndinafuna kukana. Koma ungamukane bwanji galu amene akukunyambita dzanja?

"Ndi wathu, bwana. Wabwera kudzadya."

"Kudzadya? Kampani inamulemba liti?"

"Sadya yekha, bwana. Amadya pamanja."

Azimayi aja, omwe aja ankalumpha tiyi, anayamba kuseka mpaka kukhala pansi. Wina anakatenga gambuti ija n'kudzaipereka atagwada, ndiye kuseka kunayambiranso. Nkhope ya a Kapitawo inatupa.

"Mayi, tamverani. Sabata ino ndikusiyani chifukwa amuna anu timapemphera nawo limodzi. Koma Lolemba galu ameneyu akaponda m'munda muno, dengu limenelo mukalisiye pasikelo. Pageti pali anthu ambiri opanda agalu."

Mukuti n'kumumanga? Tinamumanga. Chingwe cha khonje anatafuna ngati nzimbe. Tinamumanga ndi waya pachikhomo, anafika kumunda chikhomo chikumutsatira pambuyo, chikuthyola tiyi bwino kuposa ife. Tinamutsekera m'nyumba, analira mpaka abambo a shifiti amene amagona masana anabwera ndi ndodo, ndipo chitseko chathu mpaka lero chili ndi khomo lake laling'ono pansi. Sabata imeneyo tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu tiyi ankayenda, ine n'kumudyetsa nyemba zanga za kampani ndili chobisala. A Kapitawo ankangodutsa, osandiyang'ana, n'kunena mawu amodzi okha: "Lolemba."

Ndinapita kwa a Rhoda. "Achemwali, pamene mukudyetsa Doris, mungamupatseko nayenso pamanja?"

"Ine? Ndidyetse galu pamanja? Amuna anga amene anandikwatira pa tchalitchi amadzidyetsa okha. Ndiye galu wake uti? Uja anapatsidwa dzina chifukwa cha ine?"

Kodi ankadziwa! Ndinatembenuka n'kubwerera kunyumba.

A Jonas anati ayese okha. Anatenga mbamu, kutambasula dzanja. Galu ananunkhiza, kuyetsemula, n'kuwalozetsa kumbuyo.

"Dzanja lanu likununkha girisi," ndinatero.

"Dzanja limeneli ndi limene linamutola mu ngalande!"

"Mumuuze iyeyo, ine ndikukumbukira."

"Ndiye njala. Musamupatsenso. Galu si bwana. Njala imuphunzitsa."

Tinamuikira m'phale n'kumusiya. Anagona pambali pake, chibwano pansi, maso pa ine. Nkhuku za a Rhoda zinabwera. Mukuganiza anazithamangitsa? Anasuntha kuti zidutse. Zikudya iye akuzilondera kuti khwangwala asazisokoneze. A Rhoda kundilonjera mokoma, "Achemwali, nkhuku zanga zikuikira bwino masiku ano, kaya n'chiyani." Ndikanapirira, koma Doris naye ananyanyala. Ndikam'patsa phala amatseka pakamwa n'kuloza galu. "Topa adye." Awiri onse kundiyang'ana ngati komiti ya anthu ogwira ntchito. Ndinagonja. Aaa, Doris. Aaa, Adzatopa.

Loweruka bambo anadzuka ndi nzeru ina.

"Ndaganiza, make Doris. Galu ameneyu akunyoza phale. Munamulera ngati mwana wa manijala, ndiye mukumupatsa chigoba cha mphika? Akufuna mbale yeniyeni."

Nditaweruka ndinakwera kabaza wa ku Luchenza, kukalowa m'sitolo ya Che Asumani.

"Che Asumani, ndikufuna mbale yokongola."

"Eee, kukubwera apongozi? Tengani iyi ya maluwa. Yachitsulo, ngakhale mutakangana n'kuponyerana singasweke."

"Si ya apongozi. Ndi ya galu."

Anachotsa dzanja pambale paja ngati yawawotcha. "Alima! Tabwera udzamve izi." Mayi Alima anatuluka kuseri, ufa uli m'manja.

"Galu wa azungu?"

"Ayi, wathu wa m'malayini."

"Akudwala?"

"Ayi. Amanyada."

Anayang'anana. Che Asumani anandikulungira mbale ija m'nyuzipepala, akupukusa mutu. "Mayi, tengani. Koma akaikana musabwere nayo kudzasintha, ikalowa kwa galu yalowa. Ndipo musanene kuti munagula muno, anthu angandisiyire mbale za maluwa zonsezi."

Kunyumba ndinaitsuka, kuikamo mkute ndi bonya, kuiika pamthunzi. Galu anaizungulira. Anainunkhiza. Anaoneka kuti maluwa awakonda. Kenako anailuma m'mphepete mosamala, kuinyamula osataya ngakhale kabonya kamodzi, kuyenda nayo mpaka pamene ndinakhala, kuiika pamapazi panga, kukhala pansi. Aaa.

"Mwaona?" anatero a Jonas. "Wayamba kuzindikira."

"Wazindikira kuti ine ndi wantchito wake."

Apa ndiye ndinati nzeru za amuna zandikwana, ndiyese zanga. Galu akufuna dzanja? Ndimupatsa dzanja. Ndinatenga golovesi la bambo la ku fakitale, kulidzaza nsanza mpaka zala zonse kutupa, kulipaka masamba a tiyi aawisi kuti linunkhe ngati ine. Ndinaligoneka m'mbale muja chagada, n'kuikapo chakudya ndi msuzi wa nyemba, uja wofiira. Ine ndi bambo tinabisala kuseri kwa chitseko, kusuzumira pa khomo laling'ono lija anatiboolera.

Galu anabwera. Ananunkhiza golovesi. Anayang'ana kumanja, kumanzere, kufuna kumene kwatsala thupi langa. Osandiona. Inu, kulira kumene analira galu ameneyu sindinakumvepo ngakhale pamaliro a mfumu. Analuma golovesi lija n'kuliyatsa liwiro pakati pa malayini, zala zikulendewera, msuzi wofiira ukudontha.

"Galu watenga dzanja la munthu!"

Zitseko kutseguka. Wina anati ndi golovesi la ku fakitale, ndiye kuti makina adula munthu. Azimayi onse amene amuna awo anali pa shifiti anamanga zitenje kuthamangira ku fakitale akulira, aliyense akutchula dzina la wake. Mlonda wa pageti anachita kuitana abambo aja kuti atuluke, aliyense akweze manja mkazi wake aone. Galu anakalowa nalo m'munda wa tiyi n'kulikwirira. Pobwera anali wafumbi, mutu pansi ngati wochokera kumanda. Atandiona anaima. Ananunkhiza dzanja ili, kununkhiza ilo, kubwerezanso kuti atsimikize. Kuyambira pamenepo sanandisiyenso. Ndikalowa m'chimbudzi amakhala pakhomo kulondera manja anga.

"Golovesi la kampani limene lija," anadandaula a Jonas. "Ndikanena chiyani kusitolo ya fakitale?"

"Mukanene kuti linaikidwa mwaulemu."

Lamulungu sitinapite kutchalitchi. Ndi nkhope iti? Ndinakhala kuseri kwa nyumba ndikuphika, m'maganizo ndikuona dengu langa lili pamsana pa munthu wina, chimanga cha ku Kapichi chili chachikasu. Mawa lake linali Lolemba. Bambo anali atavala kale malaya oyera ndi tayi tisanagwirizane zokhala pakhomo, ndiye ankangozungulira pabwalo manja kumbuyo ngati manijala. Mwadzidzidzi anaima.

"Ndalipeza vuto. Galu ameneyu sanaonepo. Ku fakitale munthu watsopano sitimuuza ntchito ndi pakamwa, timamuonetsa."

"Ndiye amuonetse ndani?"

"Tsukani mbaleyo bwinobwino."

Ndinaikwecha ndi mchenga ndi sopo, n'kuikamo phala. A Jonas anaponya tayi kumsana, kukwinya buluku, kugwada pansi pa mtengo wa mapeyala, manja pansi, mawondo pansi. Galu anakhala patsogolo pawo. Doris anali pamkeka akuonerera.

"Adzatopa, taona. Umatere." Anatsitsa mutu n'kumatafuna mphepo.

"Akuona kuti mukunamizira," ndinatero. "Si wopusa ameneyu. Idyani zenizeni."

"Make Doris, musandiwonjeze."

"Mwayamba nokha. Mukufuna dengu lipite?"

Anapuma mozama n'kuviika kukamwa m'phala. Ine ndinali nditaimirira pambali pawo, mthiko uli m'manja poti ndinali pa moto. Ndiye munthu ukagwira mthiko umaloza nawo, si choncho?

"Tsitsani mutu. Manja ayi! Chotsani manja! Nyambitani. Eya, choncho. M'mphepetemo mwasiya. Mumalize zonse, ndisaonemo kanthu. Gwedezaninso kumbuyoko aone kuti zikukoma."

"Mchira ndilibe!"

"Gwedezani zimene muli nazo."

Ndipo anagwedeza. Mulungu ndi mboni, anagwedeza. Nthawi yomweyo ndinamva kutsokomola kumbuyo kwanga.

Kutembenuka, a Rhoda ali patsogolo. Pambuyo pawo amayi a kutchalitchi ndi mabuku awo a nyimbo, ndipo pakati pawo mayi Queen, akazi a a Kapitawo. Ataona kuti sitinabwere kumapemphero, anaganiza kuti mwina dzanja la dzulo lija linalidi la a Jonas, ndiye anabwera kudzazonda wodwala. Wina anali atanyamula nthochi.

Ngakhale nkhuku zinasiya kupalasa.

A Jonas anadzutsa mutu, phala pamphuno, phala pachibwano. Munthu wanzeru akanaimirira. Iwo anangokhala chogwada n'kunena kuti, "Takulandirani."

Ine ndinabisa mthiko kumbuyo, ndipo kubisako ndi kumene kunaononga zonse.

"Amayi, sizimene mukuganizazo. Ndi za galu."

"Eee, taona," anatero a Rhoda. "Za galu."

Koma ndinaona maso a mayi Queen. Enawo ankayang'ana mwamantha. Iwo ankayang'ana ngati mayi amene waona chitenje chabwino pamsika. Anandiyandikira n'kunong'ona.

"Amachita chilichonse chimene mwanena?"

"Ayi, mayi, tikuphunzitsa galu kudya."

"Musadandaule, achemwali. Ife ndi azimayi tokhatokha." Anandifinya dzanja.

Anachoka chobwerera m'mbuyo, nthochi zija n'kubwerera nazo. Pamene ankafika kumpopi, malayini onse anali atamva kuti make Doris ali ndi khuzumule wamphamvu, uja wopusitsa mwamuna, ndipo wake amachita kugwedeza.

A Jonas analowa m'nyumba n'kudzitsekera. Ine ndinakhala pansi pa dothi, mthiko pamwendo. Dengu lapita, dzina lapita, golovesi lili kumanda. Misozi inali itayamba kubwera pamene ndinamva kaphokoso. Lapu, lapu, lapu.

Kuyang'ana, Doris! Watsika pamkeka, manja pansi, mawondo pansi, nkhope yonse m'mbale ya maluwa, kathewera kakugwedezeka ndendende ngati bambo ake. Ndinati ndikuwe, koma ndinaona galu. Anali ataimirira, makutu ali njo. Bambo atagwada paja galu sanasamale n'komwe, koma uyu anali mnzake. Mnzake wabwerera ku miyendo inayi, ndipo akudya! Anayenda pang'onopang'ono, kuyang'ana Doris, kuyang'ana mbale, kulowetsa mutu mbali inayo.

Anadya. Inu, anadya! Ndinathamanga kukachotsa mwana. Galu anasiya pomwepo, n'kundiyang'ana. Ndinakatenga kambale ka Doris kapulasitiki, kuikamo phala lina, kukaika pambali pa mbale ya maluwa. Doris anagwada pa yake, galu pa yake. Lapu, lapu, onse awiri mpaka maluwa kuoneka.

Pamenepo ndi pamene mutu wanga unatseguka. Mwana wa zaka ziwiri ndi kanthu ndinali ndikumudyetsabe pamanja, poopa kuti angadetse zovala n'kundithera sopo. Galu sankafuna dzanja langa chifukwa chondikonda ayi. Ankangokana kudya mosiyana ndi mnzake. Zinandiwawa pang'ono, sindinama. Ndinkayesa ndimakondedwa.

"Bambo a Doris! Tatulukani mudzaone, wadya!"

"Sindituluka mpaka sizoni ithe," anayankha m'katimo.

Lolemba m'mawa ndinatenga mwana, galu ndi mbale ziwiri kupita nazo kwa a Rhoda. Ndinali nditakonzeka kupempha chogwada.

"Achemwali, masana muwaikire pamodzi, uyu apa, uyu apa."

"Chilichonse, make Doris. Chilichonse chimene munganene. Galu wabwino ameneyu. Dzina lakenso ndi labwino." Ankalankhula ataima kutali, atatseka chitseko cha kuchipinda kumene kunali amuna awo.

Kumunda ndinkathyola diso limodzi lili pamasamba, lina kumtunda. Dzuwa linakwera, kufika pamutu. Tinadya nyemba zathu. Tiyi sanayende. Ndinangomva wina akutsokomola chapatali. A Kapitawo, chipewa chili m'manja.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina akulonjera wina. Munthu ameneyu sabata yonse ija moni wake unali "Lolemba" basi.

"Ndaswera bwino, bwana. Galu sanabwere."

"Aaa, za galu zisiyeni. Azibwera. Galu wabwino, amathamangitsa njoka." Anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Koma mayi akunyumba akabwera kwanu, muwauze kuti zija zinatha. Mtengo wake unauma. Amene ankakupatsani anabwerera ku Mozambiki."

"Bwana, palibe mankhwala. Tinkangofuna kuti adye m'mbale."

"Ndamva. Ndamva kuti anadya, anamaliza zonse." Anachoka molambalala, ngati dengu langa liluma.

Ndiye dengu ndinalisunga mpaka sizoni kutha, feteleza anapita ku Kapichi, chimanga chinabereka. Zotsalira zake ndi zimene zikuvuta. A Jonas akamalowa ku fakitale anzawo amauwa. Azimayi amabwera pakhomo panga mozemba, amati akudzapempha mchere, kenako, "Achemwali, kaja." Ndikawauza kuti ndinangogula mbale ya maluwa kwa Che Asumani, amagwedeza mutu ngati ndawaululira chinsinsi. Mbale za maluwa zinatha m'sitolo muja. Che Asumani amanditumizira moni ndi aliyense wa kabaza, ati dzina lawo ndizilitchula ndithu. Abambo a m'malayini nawo akapeza mbale ya maluwa m'nyumba amakaiponya m'chimbudzi, mkazi n'kukagula ina. Doris ndiye ndili naye pa sukulu ina, yomuphunzitsa kuti anthu amadya atakhala pansi, ndi manja. Kunyumba akuyesetsa. Koma tikapita kuukwati ndimamugwira lamba.

Dzulo lomweli kunabwera mayi Queen. Anafika ataonda, maso atalowa. A Jonas anali pampando pansi pa mapeyala akupukuta nsapato, galu ali pambali pawo. Ndinawayalira mkeka.

"Achemwali, ndavutika," anatero. "Abambo akunyumba anasiya kudya m'mbale. Akuti mbale iliyonse ndathiramo za kwa make Doris. Ndinataya ya maluwa, akukanabe. Amangodya chimene ndayamba ndaluma ine iwo akuona, ndiwapatse ndi dzanja langa lomwelo. Munthu wamkulu, kapitawo wathunthu, amakhala pampando n'kutsegula kukamwa. Masana ndimachita kuwatsatira kumunda, kukawadyetsa kuseri kwa thirakitala. Ndatopa. Inu munatani kuti wanu uja adye m'mbale?"

Ndinawamvera chisoni, ndiye ndinawauza zoona zokhazokha.

"Mayi, njala sigwira, golovesi musayese n'komwe. Pamafunika munthu woti agwade patsogolo pawo, awaonetse. Mwamwayi tili naye wodziwa ntchito. Bambo a Doris!"

Kutembenuka, mpando uli wokha, nsapato imodzi ili pansi. Kumtunda kuja ndinangoona tiyi akuyenda.